Sukulu ndi yathu, nanga buku la ndalama amawerenga ndani?

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za sukulu ya pulaimale ya kwathu kuno ku Nkhamanga, m'boma la Rumphi. Dzina lake sinditchula, poti sindikufuna kuchititsa munthu manyazi, komanso zomwe ndidaona kunozi mukhoza kuzipeza pasukulu yomwe muli nayo pafupi, kaya ku Chitipa kaya ku Nsanje. Ine ndine mlimi wa fodya ndi chimanga, bambo wa ana asanu, ndipo kwa zaka zitatu ndidali msungichuma wa komiti yoyendetsa sukuluyi. Udindowu adandipatsa chifukwa ndidafika Folomu 4 komanso ndimalemba manambala mooneka bwino. Ndidaulandira ndi manja awiri, osadziwa kuti tsiku lina ndidzatchedwa wakuba pamaso pa mfumu, mkazi wanga ali pomwepo.

M'chaka chachiwiri cha udindowu, mvula yoyamba ya mu Novembala idabwera ndi chimphepo chomwe chidasasula denga la kalasi ya Sitandade 2. Mwamwayi kudali usiku, ana ali kunyumba. Malata tidakawatola m'munda wa eni ake atapindikapindika. Kutacha tidasamutsira anawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo kuyambira tsiku limenelo, kumwamba kukangoda, mphunzitsi ankawauza kuti athamangire kwawo. Patatha sabata zitatu denga lidali lisadabwerere, ndipo a gulupu adaitanitsa msonkhano wa makolo.

Pamsonkhanopo mayi wina wachikulire, yemwe amalera zidzukulu zitatu zamasiye, adaimirira n'kundiyang'ana m'maso. Adayankhula m'Chitumbuka, modekha ndithu: "Adada, pawailesi timamva kuti boma limatumiza ndalama kusukulu iliyonse. Ifenso teremu ndi teremu timasonkha. Nanga ana athu akunyowa bwanji, thumba lili ndi inu?" Kumbuyo wina adakuwa kuti komiti idadya, ena n'kuwomba m'manja. Ndidatsegula buku kuti ndiwerenge, koma phokoso lidakula mpaka mfumu idabalalitsa msonkhano.

Usiku umenewo tulo tidandithawa. Sindidabe ngakhale tambala, ndipo malisiti onse adali m'jumbo pansi pa matiresi anga. Koma nditaganiza mofatsa ndidaona kuti mayi aja adali ndi mfundo. Kwa chaka ndi theka palibe kholo lomwe lidaonapo mkati mwa buku limenelo. Ife a komiti tinkakumana mu ofesi ya a hedi, n'kugwirizana, n'kusaina, n'kubalalika. Munthu ukamubisira nkhani amapeka yake, ndipo yopekayo siikhala yokoma.

Ndidazindikiranso kuti ine ndemwe sindinkadziwa bwino kuti sukuluyi imayenda bwanji. Ndidayamba kufunsa aphunzitsi opuma, a PEA ndi anzanga a m'makomiti a sukulu zina. Safunsa adadya phula. Zomwe ndidapezazo ndi zomwe ndikufuna kugawana ndi makolo anzanga.

Mwini sukulu ndani?

Kuno ku Nkhamanga sukulu timainyadira. Kuyambira pomwe Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, aphunzitsi ophunzira kumeneko adatsika phiri n'kutsegula timasukulu m'midzi ya ku Henga ndi kuno kwa a Chikulamayembe. Agogo athu ankadula okha mitengo, kumata ndi kufolera nyumba yomwe pa Sabata idali tchalitchi, mkati mwa sabata n'kukhala kalasi. N'chifukwa chake mpaka lero boma lathu, lomwe pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu pafupifupi 229,000, limawerengedwa pakati pa maboma omwe anthu ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga. N'chifukwa chakenso sukulu zambiri kuno zili pansi pa mipingo, makamaka Sinodi ya Livingstonia ya CCAP ndi mpingo wa Katolika, pomwe zina ndi za khonsolo, zija timazitchula kuti LEA. Koma kaya sukulu ndi ya mpingo kaya ya LEA, aphunzitsi amalipidwa ndi boma ndipo silabasi ndi imodzi.

Ulamuliro wa sukulu uli ngati makwerero. Pamwamba pali Unduna wa Zamaphunziro ku Lilongwe, womwe umapanga malamulo, kuphunzitsa aphunzitsi ndi kugula mabuku. Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso amakonza ndi bungwe la Maneb ku Zomba. Kuchokera mu 1998, pomwe dziko lino lidavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, sukulu za pulaimale zidapatsidwa m'manja mwa makhonsolo. Kwa ife ndiye kuti ofesi ya zamaphunziro ili ku Rumphi boma. Ofesiyo idagawa sukulu m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi, a PEA, omwe amakhala ku TDC n'kumayendera sukulu 10 kapena kuposerapo, nthawi zambiri pa njinga yamoto. Pansi pawo pali mphunzitsi wamkulu.

Ife makolo tili pa khwerero lotsiriza, ndipo tili ndi mipando itatu. Komiti yoyendetsa sukulu imayang'anira katundu, chitukuko ndi ndalama. Bungwe la PTA ndi bwalo la makolo onse ndi aphunzitsi, ndipo komiti imayenera kukapereka lipoti kumeneko. Amayi a mother group amalondola ana ojomba, makamaka atsikana, n'kuwabwezera m'kalasi. Mafumu sakhala m'ndandanda wa unduna, koma aliyense akudziwa kuti popanda mfumu njerwa siziumbidwa.

Pa makwerero amenewa pali chinthu chomwe makolo ambiri sachidziwa. Komiti ilibe mphamvu yolemba mphunzitsi wa boma ntchito, kumusamutsa kapena kumuchotsa. Ikhoza kudandaula kwa a PEA, basi. Siingasinthe buku lophunzitsira, ndipo siingaonjezere ndalama zomwe boma latumiza. Komanso tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Kwa zaka zisanu ndi zinayi mphamvu ku anthu idalipo papepala, koma munthu wosankhidwa woti akatiyankhulire kukhonsolo padalibe. Chizolowezi chongodikira a kuboma chidamera mizu nthawi imeneyo, ndipo sichidazuke.

Ndalama zimachokera kuti?

Ndalama za sukulu ya pulaimale zimabwera m'mitsinje inayi, ndipo umodzi wokha ndi womwe umadutsa m'manja mwa komiti kuchokera kuboma.

Mtsinje waukulu ndi malipiro a aphunzitsi. Umenewu umatenga gawo lalikulu kwambiri la ndalama zonse zomwe boma limaika ku maphunziro a pulaimale, ndipo umapita kuakaunti ya mphunzitsi aliyense. Komiti siiona ngakhale fungo lake. Kholo likamva pawailesi kuti maphunziro apatsidwa mabiliyoni ambirimbiri m'bajeti, lidziwe kuti zambiri mwa ndalamazo ndi malipiro.

Wachiwiri ndi thandizo lotukulira sukulu, lomwe timangoti SIG. Ndondomekoyi idayamba m'maboma ochepa cha m'ma 2010 ndipo pofika 2013 idali itafalikira dziko lonse. Sukulu imakhala pansi ndi makolo n'kulemba pulani ya chaka, pulaniyo imapita kuzoni ndi kukhonsolo, kenako ndalama zimalowa muakaunti ya sukulu. Zimagawidwa patatu: zokweza kaphunzitsidwe monga choko, makope ndi mapepala a mayeso, zothandiza kuti ana onse afike ndi kukhala pasukulu, monga zimbudzi, kukonza makalasi ndi yunifolomu ya ana amasiye, ndi kagawo kakang'ono koyendetsera komiti. Pomwe ndondomekoyi inkafalikira, sukulu wamba inkalandira pafupifupi K600,000 pachaka. Nthawi imeneyo idali ndalama ndithu. Koma Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa simenti ndi malata udathamanga kusiya thandizolo kumbuyo. Aliyense yemwe wagulapo thumba la simenti posachedwapa awerengere yekha kuti ndalama ngati zimenezo zingafolere makalasi angati.

Vuto lina la SIG ndi nthawi. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala pomwe chaka cha ndalama za boma, kuyambira 2022, chimayamba mu Epulo, ndipo ndalamazi zimadutsa m'maofesi angapo zisadafike kumudzi. Si zachilendo kuti teremu yoyamba ithe muakaunti mulibe kanthu. Zikafika, anthu osainira ayenera kupita ku Rumphi boma komwe kuli mabanki. Pasukulu yathu tinkapita atatu, ndipo tinkayeneranso kufunsa mitengo m'masitolo atatu tisadagule. Netiweki ikavuta kubanki, ndiye kuti ulendo wina mawa, thiransipoti yake yochokera m'thumba lomwelo.

Mtsinje wachitatu ndi wa zomangamanga. Kale kudali Masaf, kenako LDF, zomwe zidamanga makalasi ndi nyumba za aphunzitsi zambiri zomwe tikugwiritsabe ntchito. Palinso thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF, lomwe lidayamba mu 2006 ndipo lidakwezedwa kufika K100 miliyoni mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024. Ndalama zimenezi sizibwera zokha. Pempho limayenera kuyambira ku VDC, kupita ku ADC, n'kukafika kukhonsolo, komwe limakapikisana ndi milatho, mijigo ndi zipatala. Ife a komiti tidali tisadapitepo ku msonkhano wa VDC ngakhale kamodzi. Tinkangodikira kuti wandale akabwera kumaliro timunong'oneze.

Wachinayi ndi ife makolo. Pomwe boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ya pulaimale mu 1994, ana olembetsa adakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, ndipo ena mwa ife tidaphunzira chifukwa cha chimenecho. Koma makalasi ndi aphunzitsi sadachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo mawu akuti "ulere" adatigoneka tulo. Mpata womwe udatsala, sukulu zidayamba kuutseka ndi ndalama ya chitukuko yomwe makolo amagwirizana pa PTA. Kwathu inkalipira mlonda, aphunzitsi awiri ongodzipereka omwe adamaliza Folomu 4, ndi kusindikiza mayeso a kumapeto kwa teremu. Kuonjezera apo pali njerwa, mchenga ndi madzi zomwe midzi imatuta mosinthana.

Kuno ndalama ya kholo imayendera fodya. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kupita ku Mzuzu, anthu amalipira mosavuta mpaka cha mu Ogasiti. Koma kuyambira Novembala mpaka Febuluwale ndalama yonse ili m'feteleza, ndipo m'nyumba zambiri ufa uli pansi pa thumba. Denga lathu lidasasuka m'nyengo imeneyo: SIG isadafike, makolo ali manja lende, m'thumba la chitukuko mutatsala ya mlonda ya mwezi umodzi.

Pano ndiulule zolakwa zathu, poti sindidalembe kalatayi kuti ndidziyeretse. Chaka chapitacho mphunzitsi wa kalasi imeneyo adatiuza kuti mapaso adyedwa ndi chiswe ndipo malata akumalira mphepo ikawomba. Ife tidasankha kupenta ofesi ndi kugula mipando ya alendo, poti kudali kubwera akuluakulu odzayendera sukulu. Sitidabe, koma tidaika patsogolo maso a alendo m'malo mwa mitu ya ana. Makolo akadakhalapo polemba pulani ija, sindikhulupirira kuti penti ikadapambana denga. Cholakwa chachiwiri n'chakuti tidalolapo kuti ana omwe sadalipire ndalama ya chitukuko abwezedwe kunyumba. Unduna wanena kambirimbiri kuti mwana asathamangitsidwe chifukwa cha ndalama imeneyi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati pulaimale ndi yokakamiza. Ife tinkabweza ana omwe lamulo likuti akhale m'kalasi, ndipo ambiri mwa iwo adali ngati zidzukulu za mayi aja.

Nanga ana akuphunzira?

Sukulu timaiyeza ndi chinthu chimodzi: zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Zikatuluka, timathamangira kukaona kuti angati apita ku sekondale ya boma yogonera konko, angati ku Rumphi Secondary School, angati ku CDSS yapafupi. Ana akasankhidwa ambiri timapha nkhuku, a hedi n'kukhala ngwazi. Akalephera timati aphunzitsi ndi aulesi.

Muyeso umenewu uli ndi mabowo. M'zaka zaposachedwapa ana opitirira 80 mwa 100 alionse olemba mayesowa m'dziko muno akhala akukhoza, koma kwa zaka zambiri osankhidwa kupita ku Folomu 1 sakwana theka la okhozawo, chifukwa malo ku sekondale ndi ochepa. Mwana akhoza kukhoza bwino n'kutsala, osati chifukwa cha ulesi wa mphunzitsi. Kuno kumpoto tidadandaula kwa nthawi yaitali ndi dongosolo la kota, lomwe boma lidalengeza mu 2020 kuti latha. Koma kutha kwa kota sikudamange kalasi ya Folomu 1 ngakhale imodzi. N'chifukwa chake mupeza ana akubwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu kuti apeze sukulu yabwino, n'kumadzaza malo a azing'ono awo.

Bowo lalikulu ndi ili: mayeso a Sitandade 8 amayeza ana omwe afika ku Sitandade 8. Nditatenga kaundula wa sukulu yathu n'kuyerekeza, ndidapeza kuti Sitandade 1 idali yodzaza mpaka pakhomo, ana atakhala pansi mwendo pa mwendo, pomwe Sitandade 8 idali ndi madesiki otsala. Ana enawo adapita kuti? Ena adabwereza mpaka kutopa. Ena amajomba nyengo yothyola, kusoka ndi kusankha fodya, ndipo akabwerera amapeza anzawo ali patali. Atsikana ena adatenga mimba kapena kukwatiwa, makamaka sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ngakhale malamulo a dziko lino kuyambira 2017 salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Anyamata ena maso ali ku Tanzania ndi ku Joni. Sukulu ikhoza kukhozetsa ana onse a Sitandade 8 koma itataya ochuluka panjira, ife n'kumaombera m'manja.

Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Pa chiwerengero cha boma lonse zikhoza kuoneka ngati tili pafupi, koma aphunzitsi amaunjikana m'sukulu za pafupi ndi tauni ndi msewu, komwe kuli magetsi, chipatala ndi nyumba zabwino. Mukalowa mkati cha ku Mwazisi kapena ku Hewe, kumalire ndi Vwaza, nkhani imasintha. Sindiwadzudzula. Mphunzitsi ndi munthu, ali ndi banja, ndipo sangakhale m'nyumba yodontha chifukwa chokonda dziko. Ngakhale pasukulu pomwepo, aphunzitsi odziwa ntchito timakonda kuwaika ku Sitandade 7 ndi 8 komwe kuli mayeso, n'kusiya khamu la Sitandade 1 kwa mphunzitsi mmodzi kapena wongodzipereka. Mmera m'poyamba, koma ife timathira feteleza chimanga chitamasula kale.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Mwana wa ku Nkhamanga amabadwira m'Chitumbuka. Akafika Sitandade 1 amapeza mabuku a Chichewa ndi Chingerezi, poti kuyambira 1968 Chichewa ndicho chiyankhulo cha dziko chophunzitsidwa m'sukulu, ndipo ndondomeko yophunzitsa kuwerenga yomwe idayamba mu 2016 ili m'ziyankhulo ziwirizi. Ine Chichewa ndimachikonda, ndipo ndi chomwe ndikulembera kalatayi. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kulumikiza malembo, ndi tanthauzo la mawu omwe kunyumba sawamva. Mphunzitsi wodziwa Chitumbuka amamuolotsa pang'onopang'ono. Koma ngati ali ndi ana odzaza kalasi, pansi pa mtengo, mvula ikubwera, adzaolotsa angati?

Kafukufuku wa MICS yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14 m'dziko muno, osakwana 20 mwa 100 alionse ndi omwe ankatha kuwerenga kankhani kafupi n'kukamvetsa. Nditamva zimenezi ndidaitana mwana wanga wa Sitandade 4, n'kumupatsa buku la Sitandade 2 kuti andiwerengere. Adayamba bwino, koma nditaphimba chithunzi ndi dzanja adaima. Adali ataloweza tsambalo. Ine msungichuma wa sukulu, wodziwa mtengo wa bokosi la choko, sindinkadziwa kuti mwana wanga sawerenga.

Msonkhano wachiwiri

Patatha sabata ziwiri chichitikire chipongwe chija, ndidapita kwa a gulupu ndi wapampando wathu kukapempha msonkhano wina. Tidagula mapepala akuluakulu atatu. Pa loyamba tidalemba ndalama zonse zomwe zidalowa chiyambire udindo wathu, tsiku lake ndi komwe zidachokera. Pa lachiwiri tidalemba zonse zomwe zidatuluka, mpaka thiransipoti ndi chakudya chathu cha ku boma. Pa lachitatu tidalemba chiwerengero cha ana m'kalasi iliyonse, anyamata ndi atsikana, ndi aphunzitsi ake. Tidawamata pakhoma la ofesi, kunja, ndipo ndidawerenga mzere ndi mzere m'Chitumbuka, malisiti ali patebulo kuti wofuna agwire.

Sudali msonkhano wokoma. Nditafika pa penti ndi mipando, anthu adang'ung'udza, ndipo ndidapepesa. Bambo wina adafunsa chifukwa chomwe tinkapitira atatu kubanki ndi kudya nkhomaliro ya ndalama za ana. Tidafotokoza za osainira, koma pa nkhomaliro tidagonja. Kenako mayi aja adaimiriranso. Sadandipepese, ndipo sindinkayembekezera kuti atero. Adaloza pepala lachitatu n'kufunsa kuti: "A hedi, ana onsewa a Sitandade 1 ali ndi mphunzitsi mmodzi, pomwe ochepa awa a Sitandade 8 ali ndi atatu?" Funso limenelo komiti yathu idali isadafunsepo.

Tsiku lomwelo anthu adagawana ntchito. Mudzi wina udapereka mitengo ya bulugamu ya mapaso, kalipentala wa m'mudzi adawongola malata omwe akadatha kugwiranso ntchito, ndipo kalabu ina ya alimi a fodya idasonkha ya misomali. SIG itafika tidagula malata otsalawo. Ana adabwerera m'kalasi mu Febuluwale. Adali atataya pafupifupi teremu yathunthu, ndipo ambiri a iwo, kuphatikizapo mdzukulu mmodzi wa mayi aja, adabwereza Sitandade 2. Madzi akatayika saoleka. Chaka chimenecho cha moyo wa ana aja chidapita chifukwa cha chiswe chomwe tidauzidwa ife n'kunyalanyaza.

Teremu yotsatira a hedi, atakambirana ndi a PEA, adasamutsira mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 8 ku Sitandade 1 n'kuigawa kalasiyo pawiri. Makolo ena a ana olemba mayeso adakwiya, ndipo mpaka lero ena sadakhutire. Tidasiya kubweza ana osalipira. M'malo mwake tidagwirizana kuti ndalama ya chitukuko ya chaka chonse izitoleredwa nyengo ya msika wa fodya, ndipo wopanda ndalama azipereka chimanga kapena ntchito ya manja. Chodabwitsa n'chakuti mapepala atayamba kumatidwa pakhoma teremu iliyonse, olipira adachuluka. Anthu sankakana kusonkha. Ankakana kuponya ndalama m'dzenje lomwe sakuliona pansi.

Sindikunena kuti mavuto adatha. Nyumba za aphunzitsi n'zochepabe, mabuku amagawana ana angapo, ndipo zimbudzi za atsikana zikufunika zina. Izi ndi zoposa mphamvu ya mudzi, ndipo boma lisabisale kumbuyo kwa mawu akuti sukulu ndi ya makolo. Ndikupempha a Unduna wa Zamaphunziro ndi a zachuma kuti SIG izifika sukulu zisadatsegulidwe mu Sepitembala, komanso kuti izikwera mogwirizana ndi mitengo ya zinthu. Ndikupempha makhonsolo kuti azimata poyera, ku TDC iliyonse, ndalama zomwe sukulu iliyonse yatumiziridwa ndi tsiku lake, kuti msungichuma wosalakwa asamatukwanidwe ndipo wakuba asamabisale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Kufunsa za ndalama za sukulu si mwano, ndi ufulu.

Koma pempho langa lalikulu likupita kwa makolo anzanga. Msonkhano wa PTA ukaitanidwa, abambo timatumiza amayi, ife n'kupita kushedi ya fodya kapena ku bawo, kenako n'kumadzaweruza komiti pamowa. Pitani. Mukafika funsani zinthu zinayi: zalowa zingati ndipo zalowa liti, zagula chiyani, kalasi iliyonse ili ndi ana angati ndi aphunzitsi angati, ndipo mwa ana omwe adayamba Sitandade 1 limodzi, afika Sitandade 8 ndi angati. Posankha komiti musasankhe munthu chifukwa ndi mlamu wa mfumu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mukamusankha musamusiye yekha ndi thumba. Tumizani munthu ku VDC kuti kalasi yanu ilowe m'ndandanda wa chitukuko. Ndipo madzulo ano, itanani mwana wanu, mumupatse buku, muphimbe chithunzi, mumve ngati akuwerenga.

Nthawi yanga itatha sindidaimenso. Pachisankho chotsatira makolo adasankha mayi aja kulowa m'komiti. Kulemba sadziwa kwenikweni, koma simenti ikabwera amawerenga okha matumba asadalowe m'sitolo, ndipo pepala likachedwa kumatidwa pakhoma amapita okha ku ofesi kukafunsa. Tikakumana panjira amandipatsa moni bwinobwino, koma za tsiku lija sitidakambiranepo. Mwana wanga uja tsopano amandiwerengera nyuzipepala ino, ndipo kalatayi wayamba kuiwerenga ndi iye.

Kholo la ku Nkhamanga,
Rumphi